Kachipewa Kamene Kanatsala M'phiri

M'chitini cha mabisiketi mmene amayi ankasungiramo mabatani ndi singano munali kampira ka ulusi wachikasu, kosaposa dzira la nkhuku. Kanakhalamo ubwana wanga wonse. Ulusi wina unkabwera nkutha, wofiira, wabuluu, wina womasula ku majuzi akale, koma wachikasuwo sunkachepa. Tsiku lina ndinafuna kudulako pang'ono kuti ndimangire tsitsi la chidole changa, amayi anangotseka chitinicho, chala changa chitatsala pang'ono kupanidwa. Chitinicho chili kwanga tsopano. Ndikachitsegula limayamba ndi fungo la dzimbiri, kenako limabwera lina, la utsi wa paini ndi mabulangete achinyontho, ndipo ndimapezeka ndabwerera m'kanyumba kamatabwa pa phiri la Dedza, ndili mwana wa Sitandade 2, mchere uli m'manja.

Tinkakhala ku Kawale, pa mdadada wa zitseko zambiri ndi mpopi umodzi panja. Makoma ake anali oti munthu akayetsemula kuno, wa khomo linalo ankayamba kusaka mandimu. Inali nyengo yachisanu yotsatira chaka chija sukulu inayamba yaulere, tikuphunzirira pansi pa mtengo chifukwa cha kuchuluka. Amayi anali oyembekezera, ndipo madzulo aliwonse ankakhala pakhonde nkumaluka kachipewa kachikasu, akukangana ndi anzawo a pamdadada za mtengo wa makala. Amayi anga anali munthu wapakamwa. Sankalola kuti nkhani idutse pakhomo pawo asanaithire ndemanga.

M'mawa wina abambo anawatengera kuchipatala, atanyamula beseni latsopano lodzaza zitenje zopindapinda. Patapita masiku anabwerako, beseni lomwelo, zitenje zomwezo, zopindidwa monga zinapitira. Abambo analikankhira pansi pa bedi ndi phazi. Palibe anandiuza kanthu. Ndinafunsa kamodzi kuti mwana ali kuti, azakhali, mlongo wawo wa abambo amene anabwera kuchokera ku Biwi, anandiyang'ana mpaka ndinapita ndekha kukasewera.

Mwana wobadwa atafa kale akuluakulu amamutcha mtayo. Sakhomerwa bokosi, saimbiridwa nyimbo, pakhomo sasonkhapo moto wa maliro. Amapita naye amayi achikulire okhaokha, masana, mwakachetechete, ndipo mwini mwana saona kumene amuika. Zimenezi ndinazidziwa nditakula. Chimene ndinamva nthawi imeneyo, ndili kuseri kwa katani, ndi mawu a azakhali: "Alamu, misozi ayi. Mukalira mutseka njira, simudzaonanso wina." Anawabwereza tsiku lililonse, ndipo amayi ena a pamdadada ankavomereza ndi mitu. Azakhali sindiwaimba mlandu. Nawonso anauzidwa zomwezo ali mtsikana, anameza misozi yawo, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuwateteza alamu awo.

Amayi anamvera. Anamvera bwino kwambiri moti tinatsala pang'ono kuwataya. Pamalo ngati pamene paja munthu akanalirira kuti? Kubafa kunkakhala mzere, kuchimbudzi wina ankagogoda, m'nyumba khoma linali ndi makutu. Anangokhala pamkeka atayang'ana kukhoma, atamanga chifuwa ndi chitenje cholimba, koma mkaka unkadutsabe nkunyowetsa bulauzi. Ukawaitana ankatembenuka mochedwa, ngati munthu amene wamva dzina la mnzake. Ankaphika, inde, manja ankadziwa ntchito yawo, koma mayi amene wangochira saloledwa kuthira mchere m'ndiwo, amati angadwalitse a m'nyumba. Amathira mwana amene sanathe msinkhu. Choncho nthawi ya mchere ankaitana ine. Dzanja langa linalibe muyeso. Lero ndiwo zinkakhala ngati madzi a mumpopi, mawa abambo ankamwa makapu amadzi motsatizana, misozi ili lengelenge. Amayi, amene kale ankadziwa kuti mchere wachepa pongonunkhiza, ankangodya osanena kanthu. Ndikuganiza kuti chimenechi ndicho chinawaopsa abambo kuposa zina zonse.

Malume, mchimwene wawo wa amayi, ankayendetsa pikapu ya mkulu wina wogulitsa matabwa, ndiye mapiri a ku Dedza ankawadziwa ngati kuchipinda kwawo. Anali munthu wophwanya anthu nthiti, wonenepa, wosakonda kuyenda pansi. Atabwera kudzazonda anayesa nthabwala zawo zonse, amayi osasuntha ngakhale mlomo. Anatuluka nkukhala pakhonde ndi abambo, ndipo ndinawamva akuti, "Alamu, munthuyu atithawa tikumuona." Anati akudziwa kanyumba kena m'phiri kamene amabwereketsa kwa anthu okapuma patchuthi, azungu ndi mabwana a m'maofesi, ndipo nyengo yozizira ngati imeneyo kankangokhala kopanda anthu. Kwa azakhali anati achemwali akufunika mpweya wabwino. Sanatchule za misozi.

Pamdadada nkhaniyo inawasangalatsa anthu kwa masiku. Ankati anthu ochokera ku Ntcheu ngati ife kukalipira kuti agone m'phiri, ngati kwawo kulibe mapiri! Wina anafunsa ngati tikabwerako tizidya ndi foloko. Abambo anatsala chifukwa cha ntchito, achimwene anga anatsala nawo akunyinyirika. Ine ndinapita osati chifukwa chokondedwa kuposa ena. Kunkafunika munthu wothira mchere.

Kanyumbako kanali pamwamba, kumene msewu wafumbi unkathera, pakati pa mitengo ya paini yoima mizeremizere. Kanali kamatabwa kokhakokha, makoma, pansi, denga la m'kati, ndipo kankalira ukaponda paliponse. M'kati munali malo osonkhapo moto okhala ndi chumuni, chinthu chimene chinandidabwitsa kwambiri, moto m'nyumba utsi osakulowa m'maso. Munali mipando yakuya yonunkha agalu a anthu ena, makapu osafanana, ndi galasi lakale lamawangamawanga limene linkakuonetsa nkhope yako ngati uli pansi pa madzi. Ine ndinali ndi bedi langalanga kwa nthawi yoyamba, ndipo sindinalikonde. Ku Kawale ndinkagona ndikumva wailesi ya eni nyumba, mwana wa oyandikana nawo, njinga zodutsa. Kuno kunali zii, kupatula mitengo imene inkapuma ngati munthu wamkulu wogona.

Kunali alonda osamalira kanyumbako, bambo wachikulire wovala jekete lalitali ndi chipewa chaubweya. Ankatidulira nkhuni ndi kutibweretsera mbatata ya kachewere ya m'munda mwawo. Tsiku lofika anatilozera kanjira kotsetsereka kupita kumtsinje, nati tikawoloka tisapitirire, chifukwa kutsogoloko kuli thanthwe ndipo pansi pake ndi phompho. Malume anangogwedeza mutu, koma ndinaona kuti anayang'ana amayi.

M'mawa nkhungu inkakwera kuchokera kumunsi nkudzaza malo onse, moti ukaima pakhonde pikapu sunkaiona. Inkanyowetsa nsidze. M'mawa woyamba malume anawafunditsa amayi jekete lawo nati, "Achemwali, pitani mukayende. Kuno kulibe munthu. Ngakhale mutakuwa, palibe angamve." Amayi anatsika masitepe, nkhungu inawameza asanafike pa mitengo yoyamba. Ine anandikhazika pamoto ndi kapu ya tiyi.

Ndipamene ndinalimva liwulo. Linkachokera kumunsi, cha kumtsinje. Silinali kulira kwa pamaliro kumene ndinkakudziwa, kuja kotchula mayina ndi kufunsa kuti wandisiyira yani. Linalibe mawu. Linkayambira pansi, ngati ng'ombe imene aitsekera mwana wake m'khola, nkukwera, nkuduka, kenako nkuyambiranso. Nkhungu inkalitembenuza, mwina kumveka kumanzere, mwina kuseri kwa nyumba, mwina pansi pa matabwa amene ndinapondapo. Lero aliyense angaone kuti anali amayi, ndipo ndimadabwa kuti mwana wochenjera monga ankanditchulira aphunzitsi sanathe kuphatikiza ziwiri zimenezi. Koma ndinali ndisanawamvepo amayi akulira. Ndinkadziwa liwu lawo lokalipa, loseka, loimba kutchalitchi, lotsitsa mtengo wa tomato. Ili silinali limodzi mwa amenewo.

Ndinathamangira kwa malume pakhonde. Anali atandifulatira, tiyi akuzizira m'manja. Anati ndi mphepo. M'mawa wotsatira anati ndi mbalame ya m'phiri, ndipo ananena dzina lake limene ndikukhulupirira kuti analipeka pomwepo. Malume ankadziwa kunama nkhani zoseketsa, koma bodza lenileni linkawakanika. Chimene chinanditsimikizira kuti si mbalame ndi alonda. Liwu lija likangoyamba, nkhwangwa yawo inkasiya kulira. Ndinawasuzumira pawindo, ataima pafupi ndi mulu wa nkhuni, chipewa atavula atachigwira pachifuwa, mutu wa imvi uli pamtunda m'chisanu chimene chija. Ankaima choncho mpaka kumunsi kutakhala bata. Palibe munthu amavulira mbalame chipewa.

Ndinagamula ndekha kuti ndi mzukwa, ndipo mantha anga onse anapita pa amayi, amene ankayenda okha m'nkhungu momwemo. Ndinawauza malume kuti tsiku lina udzawagwira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali ofiira, ine nkumati ndi utsi. "Kaya, mwina ndi mzukwadi," anatero. "Koma usiye ulire. Wakhala nthawi yaitali osalira."

Yankho limeneli silinandikwanire. Ana onse a ku Kawale tinkadziwa kuti afiti ndi mizukwa amaopa mchere, ndipo mchere wa m'nyumbamo mwini wake ndinali ine. M'mawa uliwonse amayi asanatuluke ndinkatapa pang'ono nkumanga pa nsonga ya chitenje chawo, mfundo ziwiri kuti usatayike. Ankaima phee ndikumanga. Tsiku lina anandigwira pamutu, dzanja lozizira, koma sanafunse kuti nchifukwa chiyani.

Ankabwerako dzuwa litayamba kuboola nkhungu, nkhope yotupa, mawondo atamata masamba a paini. Ankagona pang'ono. Masana ankakhala pafupi ndi moto, ndipo tsiku lina anatulutsa m'chikwama kachipewa kachikasu kaja, singano zikadali momwemo monga anakasiyira ku Kawale. Anayamba kuluka. Kulira kwa singanozo ndi phokoso loyamba la amayi anga limene ndinalizindikira chibwerere kuchipatala, ndipo ndinakhala pamapazi awo kuligwirira ulusi. Kachipewako kanali kakang'ono, kongokwana chibakera cha malume. Ndinayeza m'maganizo nkupeza kuti mutu wokha wokakwana m'banja mwathu unali wa chidole changa, choncho ndinadikira mofatsa, monga mwana woleredwa bwino, kuti andipatse akamaliza. Anamaliza madzulo ena, naluma ulusi ndi mano, nakayala pabondo kukasalaza ndi chikhatho. Sanandipatse.

M'mawa mwake liwu lija linayamba monga mwa masiku onse, koma silinakhalitse. Linaduka pakati, osayambiranso. Alonda anadikira, kenako anavala chipewa chawo nkupitiriza kuwaza nkhuni. Ine ndinasangalala, ndinati mchere wagwira ntchito. Nkhungu inayamba kupepuka, pikapu inaoneka, kenako mitengo yonse, kenako dzuwa linafika pakhonde. Amayi sanabwere. Malume anaimirira, anakhala pansi, anaimiriranso. Anayatsa wailesi ya m'galimoto nkuizimitsa nyimbo isanathe. Kenako anaitana alonda nkufunsa chinthu chimene ankachidziwa kale, kuti kanjira kaja kamakathera kuti.

"Kuthanthwe, bwana."

Ndinali ndisanaonepo malume akuthamanga. Anandiuza kuti ndikhale pomwepo, koma ndani akanakhala? Ndinawatsatira. Masamba a paini ankaterera ngati sopo, nthambi zonyowa zinkandimenya kumaso, ndipo kutsogolo ndinkamva mpweya wa malume ukulira m'chifuwa. Sankaitana. Zimenezi zimandivutabe mpaka lero, kuti munthu waphokoso ngati amene uja anathamanga njira yonse osatchula dzina la mlongo wake, poopa kuti sayankhidwa. Pamtsinje anangolowa m'madzi ndi nsapato.

Titatuluka m'mitengo kunawala mwadzidzidzi. Thanthwe linali lalikulu, lotuwa, ndipo kumapeto kwake dziko linkangothera pomwepo. Pansi patali pankaoneka midzi, minda youma, ndi msewu wopita ku Lilongwe uli ngati kachingwe. Amayi sanali kumapetoko. Anali chakuno, pansi pa mtengo womaliza, atakhala pansi miyendo atatambasula monga amakhalira azimayi pamaliro. Manja anali ofiira ndi dothi mpaka m'zigongono, zikhadabo zothyoka, pambali pali kamtengo kamene ankakumbira. Patsogolo pawo panali kamulu ka miyala, kotalika ngati mkono wanga.

Malume anagwada pomwe anaimapo, akupuma movutika, madzi akutuluka m'nsapato. Anangoti, "Achemwali."

"Ndili pano, achimwene," anatero amayi. "Sindikupita kulikonse."

Liwu linali losasa, koma linali lawo. Ankadziwa chimene malume anathamangira, ndipo anawayankha funso limene sanafunse. Kaya anafika kumapeto kwa thanthwe lija m'mawa umenewo asanabwerere pansi pa mtengo, sindikudziwa. Sindinawafunse ali moyo, ndipo sindikudandaula kuti sindinafunse.

Ine maso anga anali pa miyala. Pakati pa iwiri panali kutuluka kansonga ka ulusi wachikasu. Ndinaloza nkunena kuti amayi, mwaiwala chipewa.

"Sindinaiwale," anatero. "Kuno kumazizira."

Malume anavula kapusi yawo. Anayang'anayang'ana pansi, natola mwala, naupukuta pa thalauza ngati chinthu choti apatse mlendo, nauika pamuluwo. Kenako anandiuza kuti nanenso nditole wanga. Apa zonse zinandimvekera, monga ndinkaganizira. Amayi anali ataupeza mzukwa uja, anaunyengerera ndi chipewa cha chidole changa kuti usiye kulira, ndipo tsopano tinali kuupsinja kuti usadzukenso. Ndinasaka mwala waukulu umene ndikanatha kunyamula, ndinaukumbatira pamimba, ndere zake zikundidetsa diresi, ndipo ndinauika pamwamba penipeni ndi mphamvu zanga zonse. Amayi anauwongola pang'ono ndi zala. Anati ndaika bwino.

Pobwerera anayenda patsogolo, ife pambuyo. Alonda titawapeza anangowatenthetsera amayi madzi osamba m'manja.

Madzulo ake amayi anaphika nyemba ndi kachewere, ndipo anandiitana monga mwa nthawi zonse. Ndinatapa dzanja lodzaza, poganiza kuti tsiku ngati limeneli mchere sungachuluke. Titakhala pansi kudya, amayi analawa kamodzi, nkhope inakwinyika, anaika supuni pansi.

"Iwe, mcherewu ukufuna kutipha? Masiku onsewa sunaphunzirebe?"

Malume anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsamwa, anamenya tebulo, misozi ikutsika m'masaya osaipukuta, kenako anatuluka panja akusekabe, ndipo kumeneko kusekako kunasintha kamvekedwe. Ine ndinakwiya kwambiri. Ndinali nditawateteza amayi kwa mzukwa, ndinali nditaluza chipewa, malipiro ake nkukalipiridwa pamaso pa anthu, malume nkumasangalala. Ndinadya nyembazo ndikufwenthera, ndipo zinalidi zosadyeka.

M'mawa wotsatira nkhungu inabwera yokha, yopanda liwu. Tinanyamuka patapita masiku ochepa. Amayi anakana kukhala kutsogolo, anakwera kumbuyo kwa pikapu ndi ine, atafunda bulangete, ndipo njira yonse yotsika anayang'ana kuphiri mpaka linabisika kuseri kwa mapiri ena. Titayandikira Lilongwe anayamba kudandaula za kayendetsedwe ka malume, ndipo pofika ku Kawale anali atafunsa kale kuti ndani wakhala akugwiritsa ntchito mbaula yawo. Azakhali anati mpweya wa ku Dedza ndi mankhwala. Palibe anawatsutsa. Patapita zaka ziwiri kunabadwa mlongo wanga wotsiriza, amene pakamwa anatengera amayi. Anamulukira zabuluu.

Sukulu itatsegulidwa ndinafotokozera anzanga pansi pa mtengo kuti ndinagona m'nyumba yamatabwa, pabedi langalanga, m'phiri lokhala ndi mzukwa, ndipo kuti ine ndi amene ndinaika mwala womaliza. Ndinkanyadira kwambiri mwala umenewo. Kwa zaka ndinkati ndikadzidzimuka ndi maloto oipa, ndinkadzitonthoza pokumbukira kulemera kwake, kuti chimene chili pansi pake sichingathe kutitsatira mpaka ku Kawale.

Amayi anandiuza nditakhala ndi pakati panga poyamba kuti mwana wobadwa atafa uja anali mtsikana, ndipo kuti anamuona kamphindi kochepa asanamukulunge, tsitsi lambiri ngati langa. Anangonena zimenezo basi, akusankha nyemba. Koma mwana uja wa Sitandade 2, woima pathanthwe diresi litada ndi ndere, ankangodziwa kuti wagonjetsa mzukwa. Sankadziwa kuti alonda ankavulira yani chipewa m'mawa monse muja, ngakhale chifukwa chimene amayi anayang'anira kumbuyo njira yonse. Sankadziwa kuti anthu atatu ndi kamulu ka miyala ndiwo anali maliro onse a mng'ono wake, ndi kuti iye anafikapo, nasankha mwala wolemera kuposa yonse kuti asadzuke.